Chamba: Zimene Mbewa za mu Labotale Zatiphunzitsa

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, mayi ena anandikokera pambali. Mwana wawo wa ku koleji anawauza kuti chamba ndi mankhwala, poti ngakhale madokotala a kuno ku UK akupereka. "Anamwino, kodi n'zoona?" Ndinawayankha kuti mwanayo sananame, koma nkhaniyo waidula pakati.

M'chamba muli mankhwala ambiri otchedwa cannabinoids. Odziwika kwambiri ndi THC, amene amaledzeretsa, ndi CBD, amene saledzeretsa. Raphael Mechoulam ndi mnzake Yechiel Gaoni a ku Israel ndiwo anapatula THC mu 1964. Pambuyo pake akatswiri anapeza kuti m'thupi mwathu muli timalo timene mankhwalawa amakamatirira, monga kiyi pa loko. Timalo ta mtundu woyamba, CB1, tachuluka mu ubongo. Ta mtundu wachiwiri, CB2, anatitulukira Sean Munro ndi anzake ku Cambridge mu 1993, ndipo tachuluka m'kapamba ndi pa maselo a chitetezo, aja kwathu timati asilikali a m'thupi.

Mbewa ikabayidwa THC imasonyeza zizindikiro zinayi: imachepetsa kuyendayenda, thupi limazizira, simva ululu kwenikweni, ndipo ukaikhazika movuta imangouma chomwecho osasuntha. Galu akadya chamba amadzandira n'kumangodontha mkodzo. Asilikali a m'thupi nawo amafooka: mbewa zopatsidwa THC zinalephera kulimbana bwino ndi Legionella, kachilombo koyambitsa chibayo. Mbewa si munthu, inde, koma tikuonapo kuti chamba chimafika ku ubongo ndi ku chitetezo komwe. Si tsamba wamba.

Mphamvu yomweyi ndiyo imathandiza odwala ikayezedwa bwino. Kuyambira pa 1 November 2018 madokotala akuluakulu kuno amaloledwa kulemba mankhwala ochokera ku chamba, monga Epidyolex wa khunyu lovuta; Sativex wa kuuma kwa minofu pa matenda a multiple sclerosis anali wololedwa kale. Kwathu, Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosuta.

Cha m'misewu ya London ndi nkhani ina. Chambiri ndi skunk, chokhala ndi THC wochuluka ndi CBD wochepa zedi. Mu 2015 Marta Di Forti ndi anzake a ku King's College London anafufuza anthu a kummwera kwa mzinda uno. Anapeza kuti osuta skunk ali pa chiopsezo chodwala misala katatu kuposa amene sanasutepo, ndipo osuta tsiku ndi tsiku kasanu. Malamulonso sanafewe: chamba chili m'gulu la Class B, ndipo kupezeka nacho kungakulowetseni m'ndende mpaka zaka 5. Ophunzira, mlandu wotere ungakuonongereninso viza.

Makolo anzanga, mwana akayamba kudzipatula, kusowa tulo, kukayikira aliyense kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, musathamangire kuti walodzedwa. Pitani naye kwa GP msanga. Ndipo inu amene mumasuta, makamaka ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, musabise namwino akakufunsani. Sitifunsa kuti tikuweruzeni. Tikadziwa zoona, m'pamene timakuthandizani bwino.