Kompyuta Ikada Kumaso Sikuti Yafa

Aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi amene asunga makompyuta akale alangizidwa kusafulumira kuwaunjika m'sitolo pamene galasi lada ndipo palibe cooneka. Nthawi zambiri makina amakhala amoyo ndithu. Casokonezeka ndi pulogalamu ya mkati.

Nkhani iyi yakula kucokera pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 kwaulere. Makina ambiri akale sangathe kusenza Windows 11. Cothandiza ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yosalipiritsa, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991. Mtundu wake wodziwika ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaukhazikitsa mu 2004. Dzinali ndi liu lomwe lija la umunthu.

Bvuto limabwera kawiri-kawiri pokweza Ubuntu kucoka pa wakale kupita pa watsopano. Nchito iyi imatenga nthawi, ndipo malaiti akazima pakati, monga anali kuzimira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, mapulogalamu amatsala osamalizika. Poyatsanso, galasi lili bii.

Apa mphunzitsi asindikize Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Padzaoneka malemba oyera opempha dzina ndi mau acinsinsi. Mau acinsinsiwo saoneka powalemba, ngakhale kadontho, ndipo ambiri amagwa mphwayi pomwepa poyesa kuti mabatani afa. Sanafe ai. Atalowa, alembe sudo dpkg --configure -a kuti makina amalize zimene anasiya panjira, kenaka sudo apt -f install, imene ingafune intaneti, ndipo pomaliza sudo reboot.

Ngati mdima upitirira, mlandu uli pakati pa pulogalamu yatsopano ndi ciwiya cotulutsa zithunzi. Poyatsa agwire Shift, kapena Esc pa makina ena, kufikira mndandanda wa GRUB utaoneka. Mu Advanced options muli kernel yakale, ndiye mtima wa Linux umene unali kugwira bwino dzulo, aisankhe. Njira ina ndiyo kusindikiza e, kuonjeza liu lakuti nomodeset pambuyo pa quiet splash, ndi kusindikiza F10. Zithunzi zingaoneke zikulu-zikulu, koma ana angaphunzire tsikulo. Liulo limafafanizika makina akazimitsidwa.

Malemba a pa galasi lakuda akacepa ngati nyerere, sudo dpkg-reconfigure console-setup imalola kusankha akulu.

Kunena zoona, sukulu la kutali lilibe cifukwa cothamangira Ubuntu aliyense wotuluka pa miyezi 6. Wochedwa LTS amatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse ndipo amasamalidwa zaka 5, wa 24.04 adzafika mu 2029. Kukwezako kucitike pa holide, mamakisi a ana atakopedwa kale pa fulashi, osati mlungu wa mayeso.