Mpikisano wa Tenesi wa ku Soweto

Omvera ambiri a ku Mponela ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi dzina la Joni amalidziwa bwino, pakuti makolo awo ankapita kumeneko kukagwira ntchito m'migodi. Nkhani ya lero ikuchokera komweko, ku Soweto, ndipo ndi ya mpikisano wa tenesi umene unayaka ngati moto wa mapesi.

Chiyambi chake ndi Arthur Ashe, katswiri wachikuda wa ku America. Boma la tsankho la South Africa linayamba lam'kaniza kulowa m'dzikomo, koma m'chaka cha 1973 linam'lola. Iye ataona kuti ana a anthu akuda alibe posewerera, anathandiza kumanga mabwalo a tenesi ku Jabavu m'Soweto. Mabwalowo anawonongeka m'zaka za chipwirikiti, mpaka anawakonzanso mu 2007.

Mu 2009 pamalopo panayamba mpikisano wotchedwa Soweto Open, wa amuna ndi wa akazi, wa anthu amene tenesi ndiyo ntchito yawo. Kwa amuna, woyamba kupambana anali Fabrice Santoro wa ku France. Mu 2010 anapambana Dustin Brown wa ku Jamaica, ndipo mu 2011 chikho chinatsala pakhomo m'manja mwa Izak van der Merwe. Ana a m'Soweto anaona ndi maso awo masewero amene kale ankangowamvera m'mbiri.

Nanga chinavuta n'chiyani? Mpikisano wotere umadya ndalama zambiri. Mphotho za amuna okha zinkakwana madola 100,000 a ku America, kuwonjezera apo malipiro a oyimbira, malo ogona alendo ndi kusamala mabwalo. Ndalama za pakhomo sizingakwanitse zonsezi, choncho mpikisanowo unkadalira thandizo la khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. Thandizo litasowa, mu 2012 sunachitike. Boma linautsitsimutsa mu 2013, pamene anapambana Vasek Pospisil wa ku Canada, koma chaka chotsatira unazilalanso.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Masewero odalira thumba limodzi amafa tsiku limene mwini thumba walimanga. Oyendetsa masewero m'maboma muno, kaya ndi mpira wa miyendo kaya wa manja, ayenera kudziwa kumene ndalama za chaka chamawa zidzachokere asanagule chikho cha chaka chino.