Kodi Mumadziwa? Intaneti Imadutsa Pansi pa Nyanja

Pafupifupi mauthenga onse a pa intaneti opita kutsidya kwa nyanja amadzera m'zingwe zoyalidwa pansi pa madzi. M'kati mwake muli timaulusi tagalasi, topyapyala ngati tsitsi, ndipo mawu anu a pa WhatsApp amayenda m'menemo atasandutsidwa kuwala.

Chingwe chatsopano cha 2Africa, cha kampani ya Meta ndi anzake, n'chotalika makilomita 45,000, ndipo anachikonza kuti chilumikize mayiko 33. Chinafika kale ku Nacala, Maputo ndi Dar es Salaam. Kwa ife Amalawi, amene intaneti yathu imadzera kwa anansi, imeneyi ndi nkhani yabwino zedi. Paja mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta kwa masiku angapo.