Wosankhidwa ku Yunivesite Asapite Kukadzitsekera M'chipinda

Bungwe la NCHE likatulutsa maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mbiri imafika pa Zalewa msanga, pakuti pamphambano pomwe msewu wa M1 umasiyana ndi wa ku Mwanza nkhani sizigona. Banja lomwe mwana wake watuluka dzina limasangalala, ndipo m'pake. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, moti ena okhoza bwino MSCE, okhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, amatsala. Nthungululu zikatha amabwera malangizo. Amalume, azakhali ndi akuluampingo amagwirizana pa mfundo imodzi: ukagwire buku, zamagulu ukazitaye, anzako akakusocheretsa. Malangizowa amachokera m'chikondi, koma ndikuona kuti mbali ina ndi olakwika, ndipo wopwetekeka nawo kwambiri ndi mwana wochokera kusekondale yoyendera ya ku Neno, kuposa mnzake wokulira ku Namiwawa amene bambo ndi mayi ake adadutsamo kale m'makoleji.

Tiyambe ndi zimene mwanayo akakumane nazo akakwera minibasi n'kudutsa Mdeka, Lirangwe ndi Lunzu. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu: Chancellor College ya ku Zomba idatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS. Kuwonjezera LUANAR, Mzuzu University ndi MUST ya ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014, pali sukulu zisanu ndi imodzi. Akuluakulu opereka malangizo aja amakumbukira nthawi imene wosankhidwa aliyense ankapeza bedi, chakudya chakukafeteriya ndi kandalama kam'thumba. Nthawi imeneyo idatha. Lero wosowa amadalira ngongole yochokera ku bungwe la HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo ngongoleyo safikira aliyense. Mahositelo sakwanira, choncho ambiri a ku UNIMA amachita lendi ku Chikanda, a ku MUBAS ku Chitawira, ku Ndirande ndi kwina. Nyumba yomwe ili ndi madzi odalirika, landilodi amene amamvetsa ndalama zikachedwa, njira yosayenera kuyenda usiku pochokera kulaibulale, anzako ogawana nawo thumba la ufa ndi makala: zonsezi sizilembedwa m'kalata yokuitana. Amazidziwa ndi ophunzira azaka zam'tsogolo, ndipo amauza munthu amene akumudziwa.

M'kalasi namo ndi chimodzimodzi. Kusekondale mphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi ndipo ankadziwa dzina la aliyense. Kuyunivesite lekichara amalankhula ola lathunthu m'Chingerezi chothamanga kwa khamu la anthu, n'kusiya mndandanda wa mabuku omwe kulaibulale alipo ochepa, n'kulamula kuti asayimenti ilembedwe pakompyuta. Mwana amene ankatsogola m'kalasi kwawo amapezeka ali pakati pa anzake omwe nawonso onse ankatsogola, ndipo manyazi amamugwira. Safunsa, poopa kuoneka wakumudzi. Akalephera phunziro amalemba sapu, akalepheranso kwambiri amachotsedwa, kumene ophunzira amati kuwididwa. Chomupulumutsa nthawi zambiri ndi kagulu kowerengera limodzi, komwe mapepala amayeso akale amayenda dzanja ndi dzanja, laputopu imodzi imatumikira anthu anayi, ndipo chimene chidavuta m'Chingerezi wina amachimasulira m'Chichewa mpaka chimveke. Wolangizidwa kupewa anzake walandidwa zonsezi asanafike n'komwe.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa kukhoza mayeso. Zambiri zimene Chancellor College imadziwika nazo zidabadwira kunja kwa kalasi. Gulu la alembi lotchedwa Writers Group lidayamba mu 1970, kolejiyo isanasamukire ku Zomba mu 1973, ndipo m'menemo mudadutsa Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Ankakumana kuwerengerana zolemba ndi kudzudzulana m'nthawi imene kulankhula kunali koopsa. Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkatengera masewero kumidzi ndi kumasukulu. Mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Zomba adaguba powachirikiza, ndipo chaka chotsatira dziko lidavota pa riferendamu yokhudza ulamulirowo. Luso loyima pagulu, kutsutsa mwaulemu, kusunga ndalama za bungwe ndi kugwira ntchito ndi munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje amene sunamuonepo limaphunziridwa m'mabungwe otere, kaya ndi magulu achikhristu a SCOM ndi YCS, gulu la ophunzira achisilamu, kwaya, timu ya mpira kapena wayilesi ya pasukulu. Digiri aliyense womaliza amatuluka nayo. Anthu odzakutsina khutu za ntchito ikapezeka amachokera m'magulu amenewa, ndipo mwana wa mlimi wa ku Lisungwi alibe kwina kowapeza.

Kholo lingayankhe kuti zoopsa za kuyunivesite n'zenizeni, ndipo silikunama. Mowa wagwetsa ana anzeru. Achaka choyamba, omwe amatchedwa mayearo, amanyozedwa ndipo nthawi zina amazunzidwa ndi anzawo akale. Atsikana amasakidwa ndi azibambo amagalimoto. Ndale nazo zidaphapo munthu: Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, adapezeka atafa pasukulupo mu September 2011, ndipo komiti yofufuza idapeza mu 2012 kuti adachita kuphedwa. Chaka chomwecho cha 2011 maphunziro adaima miyezi yambiri ku Chancellor College pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, womwe udayamba mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa lekichara Blessings Chinsinga pa zimene adaphunzitsa m'kalasi. Amene adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi ali ndi chifukwa chochitira mantha. Koma tiyang'ane bwino amene amagwa. Mtsikana amene wagona ndi njala masiku awiri ndipo alibe womuuza ndiye wosavuta kumunyengerera. Amene ali ndi anzake akumpingo kapena akwawo amapeza mbale ya nsima ndi womutsogolera ku ofesi yoona za ophunzira. Mnyamata wosungulumwa ndiye amatsatira aliyense womuitana, ngakhale kubala. Pa zandale, mwana aphunzitsidwe kusiyanitsa bungwe la ophunzira ndi andale obwera ndi ndalama m'envulopu. Mu 2016, fizi ya ku Chancellor College itakwezedwa kufika K400,000, kudandaula kwa ophunzira kudachititsa kuti itsitsidwe kufika K350,000, ndipo K50,000 imeneyo idathandiza banja losauka kuposa lina lililonse.

Ena amati magulu amadya nthawi. Amadyadi, akachuluka. Gulu limodzi lowerengera ndi bungwe limodzi lapamtima n'zokwana kwa wachaka choyamba, ndipo maudindo angadikire mpaka zotsatira za semesita yoyamba zitaoneka.

Ntchito yeniyeni ili kwa ife akuno ku Neno, mwana asananyamuke. Neno idakhala boma palokha mu 2003, ndipo mabanja ambiri m'bomali akutumiza mwana ku yunivesite koyamba, opanda wachibale woti afunseko. Komabe aphunzitsi a m'masekondale athu, azachipatala a ku Lisungwi ndi ogwira ntchito kumalo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ambiri adadutsa m'makoleji omwewa. Mphunzitsi wamkulu kapena m'busa akhoza kuitana osankhidwa onse tsiku limodzi, n'kuwakhazika ndi anthu amenewa pamodzi ndi ophunzira omwe ali patchuthi. Akambirane kalembedwe ka fomu yangongole ndi tsiku lotsekera, mtengo wa chipinda ku Chikanda kapena ku Chitawira, ndi chifukwa chake sabata yolandirira alendo pasukulu siyenera kuphonyedwa ngakhale ndalama yathiransipoti ivute. Wosankhidwa aliyense achoke pamsonkhanowo ali ndi nambala ya foni ya wophunzira wachaka chachitatu amene akamuchingamire podzatsika basi ku Zomba kapena ku Blantyre.