Kodi madzi ndi mdani wa kaliwo?

Mbale ikada timatsuka ndi madzi. Mphika nawonso chimodzimodzi. Koma ikafika nkhani ya kaliwo wosutira fodya, makamaka uja wa mtengo wa briar amene agogo ena anabwera naye kuchokera ku Joni kapena ku Halale, osema ndi osuta omwe amagawikana pawiri.

Ena amati kaliwo wotere ndi madzi sizionana, ukangomunyowetsa basi wamupha. Anzawo amati amenewo ndi mantha chabe, iwo amatsuka pampopi ndipo sanaonepo choipa. Kuti tione amene akunena zoona, tiyambe taudziwa mtengowo.

Briar si thunthu kapena nthambi ayi. Ndi chotupa cholimba chomwe chimakula m'nthaka, pakati pa mizu ndi tsinde la chitsamba chotchedwa Erica arborea. Chitsambachi chimamera m'mapiri ouma a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, monga ku Italy, Greece, Algeria, Spain ndi pachilumba cha Corsica. Chotupacho ndi nkhokwe ya chitsambachi, moti moto wolusa ukapsereza tchire, chimaphukanso kuchokera pamenepo.

Pamatenga zaka 30 kapena kuposerapo kuti chotupa chikule mofika posemedwa. Akachikumba amachithirira madzi kuti chisang'aluke, kenako amachicheka m'zidutswa. Zidutswazo amaziphika m'madzi owira kwa maola 12 kapena kuposa kuti utomoni wowawa uchoke, ndipo akatero amaziumitsa kwa miyezi, pena zaka. Akatha zonsezi ndi pamene mmisiri amayamba kusema. Ntchito yosema makaliwo a briar inakula m'tauni ya Saint-Claude ku France m'zaka za m'ma 1850.

Apa ndi pamene otsuka ndi madzi amagwira mfundo yawo: mtengo woti unabwata m'madzi tsiku lonse usanakhale kaliwo ungafe bwanji ndi madzi a mphindi imodzi?

Chinanso, kaliwo amanyowa nthawi iliyonse pamene munthu akusuta. Fodya akamapsa amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikazizira m'khosi mwa kaliwo imasanduka madzi osakanikirana ndi phula la fodya. Ndi amene amalira kuti khororo, khororo munthu akamakoka utsi. Vutoli ndi lakale, moti kampani ya Peterson ya ku Dublin inachita kupanga makaliwo okhala ndi kachitsime m'kati kosungira madzi amenewa kuti asamafike m'kamwa.

Komatu oopa madzi aja sakulankhula zopanda mutu. Kungoti chimene chimaonongeka nthawi zambiri si mtengo, koma zinthu zina zimene zili pa kaliwoyo.

Choyamba ndi kampope kakuda kolowa m'kamwa. Pa makaliwo ambiri akale kampopeka ndi ka vulcanite, yemwe ndi labala woumitsidwa ndi sulfure. Madzi otentha komanso dzuwa zimakasandutsa kobiriwira mothimbirira, ndipo kamayamba kuwawa pa lilime. Timipope ta acrylic, tofala pa makaliwo a masiku ano, tilibe vuto limeneli.

Palinso polumikizira kampopeka ndi khosi la kaliwo. Mtengo ukanyowa umafufuma pang'ono, ngati chitseko m'nyengo ya dzinja. Munthu wopupuluma akakankha kampope mwamphamvu mtengo usanaume, khosi limang'aluka, ndipo kaliwo wothyoka khosi savuta kumudziwa: amakhala womangidwa ndi waya kapena ulusi. Kunjako madzi amachotsanso kunyezimira kwa phula la carnauba limene amisiri amapaka, koma limeneli ndi lobwezeretseka.

Tikaziika pa sikelo, otsuka ndi madzi ali ndi mfundo yolemererapo, bola munthu akhale wodekha. Kaliwo ayambe wazizira, chifukwa kuzula kampope akadali wotentha kumathyola polumikizira. Mukazula, kaikeni padera. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda, ndipo alowe pa kambiya koikamo fodya n'kutulukira ku khosi kwa mphindi yosakwana imodzi. Sopo ayi, fungo lake limakanirira mu mtengo. Kuviika kaliwo m'beseni usiku wonse ngati nyemba ndiye kulakwa kwenikweni.

Mukatero pisani m'khosi ndi kawaya kokulungidwa thonje mpaka katuluke koyera, pukutani m'kambiya ndi kansalu, n'kumusiya pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Osamuika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, angang'ambike. M'miyezi ya mvula onjezerani masiku, chifukwa kaliwo wotsekeredwa m'kabati ali wonyowa amachita chuku.

M'kati mwa kambiya mumakhala nkhoko yakuda, yonga ya mumphika wa nsima. Nkhoko yopyapyala, yosaposa kuchindikala kwa khobidi, imateteza mtengo kuti usapse. Ikachindikala kwambiri imafufuma ndi moto n'kung'amba kambiya, choncho imafunika kupala pang'onopang'ono. Madzi paokha sangaichotse.

Njira yakale ya oopa madzi ndi ya mchere ndi mowa waukali. Amadzaza mchere m'kambiya, n'kudonthezamo mowawo, ndipo pofika mawa mchere umakhala utasanduka wofiirira chifukwa chokoka phula. Njirayi imathandiza pa kaliwo amene wasutiridwa fodya wamphamvu monga chikopa, fodya wathu wofukizidwa ndi utsi yemwe makampani ena a ku England amasakaniza mu fodya wa m'kaliwo. Koma mowa ukadonthera kunja umasukulutsa utoto. Ndipo spiriti wapepo wa m'sitolo, palafini kapena petulo zisayandikire n'komwe, chifukwa ndi poizoni.

Zonsezi ndi za briar yekha. Kaliwo woyera wa mwala wa meerschaum, umene amakumba ku Eskişehir m'dziko la Turkey, amafewa akanyowa. Wa chitsononkho, wotchuka ku America, naye safuna kuviikidwa.

Chilipo chimodzi chimene madzi, mchere ngakhale mowa sizingachotse. Kaliwo woyera amangochepetsa kuwawa ndi fungo, koma utsi wake umayambitsabe khansa ya pamlomo, lilime, kummero ndi m'mapapo, ngakhale kwa amene amati iwo sameza utsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo m'chaka cha 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta. Wosuta kaliwo akaona chilonda m'kamwa chomwe chatha masabata atatu osapola, apite kuchipatala.

Mabanja ambiri amene ali ndi kaliwo wotereyu samusutira n'komwe, amangomusunga ngati chikumbutso cha malemu. Ngati ndi choncho, musanamutsuke yang'anitsitsani pakhosi pake. Pamenepo pamakhala padadindidwa dzina la kampani ndi dziko lomwe anapangidwira. Makaliwo a Dunhill, amene anayamba kupangidwa ku London mu 1910, amadziwikanso ndi kadontho koyera pa kampope, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amawagula pa mtengo wokwera. Madzi ofunda sangafufute zilembo zimenezi, koma sandipepala ndi sitiliwulu zimazifafaniza m'kanthawi kochepa.