Kawaya Kotsegula Mtsempha wa Mtima: Kabwino Nkati?

Mlimi wa mpunga wa m'chigwa cha Bwanje amadziŵa chimene chimachitika ngalande yochokera ku mtsinje wa Namikokwe ikadzala matope: madzi safika kumunda, ndipo mpunga umafota. Mtima wa munthu nawonso uli ndi ngalande zake, ndiyo mitsempha imene imaupatsa magazi. Mafuta akaunjikana m'kati mwake njira imachepa, munthu namva chifuwa kuthina pokwera chitunda. Njirayo ikatsekeka mwadzidzidzi, mbali ina ya mtima imafa.

M'chaka cha 1977 ku Zurich, dokotala Andreas Grüntzig anayamba kutsegula mitsempha yotere ndi kabaluni. Mu 1986 madokotala a ku France ndi ku Switzerland anayamba kusiyamo kawaya kolukidwa ngati mono wa nsomba, kotchedwa stent, kuti mtsemphawo ukhalebe wotseguka. Koma mnofu unkamera pa kawayako monga chipsera pabala, kotero kuti mwa odwala 100 alionse, 20 kapena 30 mtsempha unkachepanso.

Pofuna kuthetsa vutoli akatswiri anapaka kawayako mankhwala otuluka pang'onopang'ono, oletsa mnofu kumera mopitirira. Koyamba kanali ka sirolimus, kamene kanaloledwa ku Ulaya mu 2002; ka paclitaxel kanatsatira. Kuchepanso kwa mtsempha kunatsika kwambiri, koma mu 2006 madokotala anayamba kuda nkhaŵa: popeza bala la m'kati linkachedwa kupola, magazi ankatha kuundana pa kawayako ngakhale patapita chaka. Tsono kunabwera mtundu wina wa waya wopyapyala, wopakidwa everolimus, ndipo kafukufuku wa mu 2010 anasonyeza kuti unaposa wa paclitaxel pochepetsa kuundanako.

Nanga mankhwalawo amatalikitsa moyo? Mu 2016 madokotala a ku Norway anafalitsa zimene anapeza pa odwala 9,013. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, imfa sizinasiyane kwenikweni pakati pa oikidwa kawaya kamankhwala ndi oikidwa kopanda mankhwala. Kusiyana kunali pa kubwereranso kukatsegulitsa mtsempha: pafupifupi 17 pa 100 kwa oyambawo, ndi 20 pa 100 kwa enawo.

Kwa Mmalaŵi amene watumizidwa ku India kapena ku South Africa kukalandira chithandizochi, kusiyana kumeneku nkwakukulu, pakuti ulendo wachiŵiri ndi wa ndalama zambiri. Komabe moyo wake udalira zimene adzachita atafika kwawo. Ayenera kumwa aspirin pamodzi ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana, monga clopidogrel, tsiku ndi tsiku, kaŵirikaŵiri kwa miyezi 6 mpaka 12. Kuwasiya msanga chifukwa chakuti thupi lapeza bwino kungatseke kawayako tsiku limodzi, munthu nkufa. Nchifukwa chake wodwala afunse dokotala asanabwerere: mankhwalawa adzawapeza kuti, ndipo adzamwa mpaka liti?

Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malaŵi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene limaononga mitsempha mwakachetechete. Munthu wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka angathe kukayezetsa magazi ake pa chipatala cha kufupi kapena ku Mua, kuleka fodya, ndi kuchepetsa mchere m'ndiwo. Mlimi wanzeru amapala ngalande yake isanatsekeke.