Kodi mumadziwa? Zithunzi zimaulula mtima wolakwa

Kodi mumadziwa kuti pamene dziko lathu limagwa m'manja mwa Angerezi mu 1891, pampando ku Britain panali Mfumukazi Victoria? Idalamula kuchokera mu 1837 mpaka 1901. Akatswiri ojambula a nthawi imeneyo ankakonda kuonetsa munthu amene chikumbumtima chikumuluma, ndipo mlandu wake ankaubisa m'tinthu tomuzungulira.

Kodi mumadziwa kuti mu 1853 Dante Gabriel Rossetti adajambula ndi cholembera ndi inki chithunzi chotchedwa Hesterna Rosa? Amuna awiri ali kalikiliki kutchova njuga, zibwenzi zawo zili pambali. Kamtsikana kakuimba nyimbo, ndipo mmodzi wa akaziwo wapotoloka n'kubisa nkhope ndi manyazi. Chakumbali nyani akudzikanda, kusonyeza chilakolako chosaugwira mtima.

Kodi mumadziwa kuti chaka chomwecho William Holman Hunt adajambula mkazi akudzambatuka pamiyendo ya mwamuna wolemera? Zala zake zili ndi mphete, koma chala cha mphete yaukwati chilibe. Pansi pa tebulo mphaka akuseweretsa kambalame komwe wagwira. Chithunzichi chimasungidwa ku Tate, mumzinda wa London.

Kodi mumadziwa kuti m'zithunzi zonse ziwirizi wodzimvera chisoni ndi mkazi? Amunawo ali phee, mtima uli m'malo, ngati kuti tchimolo adachimwa mkazi yekha.

Kodi mumadziwa kuti ku Nsaru, Kabudula, Mpingu, Namitete ndi Nambuma, Gule Wamkulu naye amadzudzula ndi maonekedwe? Chilombo chotchedwa Mbiyazodooka chimachenjeza za chiwerewere, ndipo zilombo zina zimadzudzula mbava, alesi ndi zidakwa, osasankha kuti uyu ndi bambo kapena mayi. Bungwe la UNESCO lidalemekeza guleyu mu 2005, ndipo matanthauzo a zilombo zambiri adasonkhanitsidwa ku Kungoni, ku Mua m'boma la Dedza.

Kodi mumadziwa kuti Hunt yemweyo adakafika ku Nyanja Yakufa mu 1854 kukajambula mbuzi yosenza machimo ya pa Levitiko 16? Kunyanga adaimanga kansalu kofiira, chizindikiro cha machimo a anthu. Kwathu kuno wolakwa sapirikitsira mbuzi kuchipululu. Amaikoka yekha ndi chingwe mpaka pabwalo la mfumu, mudzi wonse ukuona, n'kuipereka ngati chindapusa.